Pepala langa linatulukanso m'dzina la anthu ena

Ndinawagwira ndi liwu limodzi: nkhokwe. Ndinkafufuza pa Google Scholar, tsamba lofufuzira mapepala a kafukufuku, kuti ndione amene atchulapo pepala langa la nankafumbwe ndi kasungidwe ka chimanga, ndiye ndinapeza pepala lina m'magazini ya kafukufuku ya kunja, la anthu atatu omwe sindinawamvepo. Ndime yoyamba ndinangoti koma anthuwa timaganiza mofanana. Yachiwiri ndinayamba kuimaliza pamtima maso asanafike. Paliponse pamene ndinalemba Malawi anaikapo dziko lawo, koma pansi pa tebulo lina anaiwala kufufuta "nkhokwe".

Mtima unali pa Facebook, kuti ndiwayalutse tsiku lomwelo. Mnzanga wa mu ofesi, amene anakhalapo mkonzi, anandigwira dzanja. "Achimwene, mukatero muwononga mlandu wanu womwe. Lemberani mkonzi wa magaziniyo, ndipo mawu oti akuba asapezekemo."

Ndinayamba ndi kuona ngati magaziniyo ili m'bungwe la COPE, lomwe linayamba mu 1997 ku Britain ndipo limapereka ndondomeko kwa akonzi pa nkhani ngati izi. Inalimo. Ndinatsitsa tchati chawo cha plagiarism (kukopera zolemba za wina osamutchula) ya m'pepala lotuluka kale. Chimauza mkonzi kuti athokoze wodandaula, apeze umboni, aone kukula kwa zokoperazo, kenako alembere wolemba. Nditaona zimenezo ndinadziwa kuti changa ndi umboni basi.

Apa ndi pamene panadya masiku. Ndinajambula tebulo la mbali ziwiri, kumanzere ndime yanga ndi nambala ya tsamba, kumanja yawo. Mawu ofanana ndinawapaka chikasu. Pamwamba ndinaika DOI (nambala yozindikirira pepala pa intaneti) ya pepala lililonse, tsiku limene magazini inalilandira ndi tsiku limene linatuluka, poti funso loyamba la mkonzi aliyense ndi lakuti anayamba ndani. Anzanga ena ankati ndingoponya mapepala onse mu Turnitin, makina ofananitsa zolemba, n'kutumiza peresenti ya kufanana kwake. Ine ndinakana. Makina amenewa, ngakhale iThenticate imene akonzi ambiri amagwiritsa ntchito kudzera ku Crossref, bungwe lolembetsa ma DOI, amangoonetsa mawu ofanana. Amawerengera ndi mndandanda wa mabuku womwe, ndi ziganizo za kayesedwe ka chinyezi zimene aliyense amalemba chimodzimodzi. Kuweruza ndi kwa munthu. Chimene chinalemera pa tebulo langa chinali cholakwa changa: m'mndandanda wa mabuku ndinalemba molakwika dzina la wolemba wina, zilembo ziwiri zitasinthana malo. Nawonso analakwitsa pomwepo. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzanyadira kusasamala kwanga.

Kalata inali yaifupi. Ndinati mapepala awiriwa akufanana kwambiri, langa silinatchulidwe, umboni ndi uwu, chonde unikani motsatira ndondomeko ya COPE. Ndinadziwitsanso mkonzi wa magazini imene inatulutsa langa. Pepala langa lili pa laisensi ya CC BY, imene imalola aliyense kuligwiritsa ntchito, koma atchule mwiniwake. Iwo sananditchule ngakhale pamodzi.

Kenako zii. Patapita mwezi ndinakumbutsa mwaulemu, ndipo yankho linabwera la mizere iwiri, loti alandira ndipo afunsa olembawo. Zimene olembawo anayankha sanandiuze, ndipo poyamba zinandipweteka. Mnzanga uja anati ndi mmene zimayendera, mkonzi amayenera kumva mbali zonse mwachinsinsi, ndipo olemba akakhala chete kapena akayankha zosamveka amapita ku yunivesite yawo. Anandiuzanso kuti ndisayembekezere kuti COPE idzaweruza mlandu wanga. Magazini ya m'bungwelo ikanyalanyaza, iwo amangoona ngati yatsata ndondomeko. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero, uku akuseka nkhope yanga.

Patatha miyezi ingapo imelo inafika yoti pepala lawo alichita retraction, kutanthauza kuti magaziniyo yalikana poyera. Ine ndinkaganiza kuti alifufuta pa intaneti. Ayi ndithu. Likadalipo, koma tsamba lililonse la PDF lili ndi chidindo chopingasa, ndipo pali chidziwitso chofotokoza chifukwa chake, chotchula pepala langa ndi DOI yake. Amatero dala kuti amene analitchula kale adziwe zimene zinachitika. Pambuyo pake ndinalipezanso m'kaundula wa Retraction Watch wa mapepala okanidwa chonchi, amene kuyambira 2023 ali m'manja mwa Crossref ndipo aliyense angamuone kwaulere.

Kupepesa sikunabwere, ndipo sindikuyembekezeranso. Chimene chikundisowetsabe mtendere ndi chakuti amene anatsitsa PDF yakale alibe chidindo chija. Sabata yatha Google Scholar inandidziwitsa kuti wophunzira wina watchula pepala lawo pa nkhani ya nankafumbwe. Ndamulembera, ndamutumizira chidziwitso cha retraction pamodzi ndi pepala langa. Sanayankhebe.