Chikondwerero cha ku Visby chinamera pamanda a alimi

Chaka chilichonse mu Ogasiti, tauni ya Visby ya pachilumba cha Gotland, m'dziko la Sweden, imadzaza ndi anthu ovala ngati a zaka za m'ma 1300. Kwa sabata yathunthu pamakhala msika wachikale, nyimbo, masewero ndiponso mpikisano wa okwera pa akavalo. Eni ake amachitcha Medeltidsveckan, ndipo chinayamba mu 1984, koma muzu wake uli pa tsoka limene linagwera chilumbachi mu 1361.

M'chaka chimenecho Mfumu Valdemar Atterdag ya ku Denmark inafika ku Gotland ndi asilikali odziwa bwino nkhondo, ndipo amene anaichingamira anali alimi a m'midzi. Nkhondo yomaliza inachitika pa 27 Julayi kunja kwenikweni kwa linga la Visby, ndipo alimi pafupifupi 1,800 anaphedwa. Amalonda olemera a m'tauni sanatuluke kukawathandiza, m'malo mwake anagonjera mfumuyo n'kuitsegulira zipata. Pakati pa mbali ziwirizi panali chidani chakale, chifukwa mu 1288 anthu a m'tauni ndi a m'midzi anamenyanapo okhaokha, ndipo linga la makilomita opitirira atatu lija linali chimodzi mwa zimene ankalimbirana.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi zimene zinapezeka pamalo otchedwa Korsbetningen, pamene akatswiri anayamba kufukula manda a anthu ambirimbiri mu 1905 n'kudzapitiriza mpaka 1930. Anapezamo mafupa a anthu oposa 1,000, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali mnyamata wosakhwima, nkhalamba kapena wolumala. Ena anakwiriridwa atavala zovala zawo zachitsulo, zomwe sizinkachitika kawirikawiri popeza chitsulo chinali chuma, ndipo akatswiri amaganiza kuti mitembo inayamba kuwonongeka msanga ndi kutentha kwa nyengoyo. Pali chigaza chimene chidakali m'chisoti chake cha timphete tachitsulo tolukanalukana, ndiponso mafupa ambiri a miyendo okhala ndi zipsera za lupanga ndi nkhwangwa. Pamalowo padakali mtanda wamwala wolembedwa m'Chilatini, wopempha odutsa kuti apempherere ogona pamenepo.

Oyambitsa chikondwererochi anali nazo kale zofunika zonse: linga, mabwinja a matchalitchi ndi nyumba zamiyala za amalonda, zomwe zinachititsa bungwe la UNESCO kuika Visby pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1995. Anali nayonso nthano yokoma kuisewera, yonena kuti Valdemar anaika migolo itatu ya mowa pabwalo la tauni n'kulamula kuti idzazidwe ndi siliva ndi golide. Akatswiri a mbiri amaikayikira nthanoyi, koma anthu ambiri amaidziwa chifukwa cha chithunzi chimene Carl Gustaf Hellqvist anajambula mu 1882.

Ine ndimaona kuti nthano ya migoloyo inakondera amalonda, pakuti imawaonetsa ngati ozunzidwa pamene magazi amene anakhetsedwa anali a alimi. N'chifukwa chake ndimachiona chaka cha 2011 kukhala chofunika m'mbiri ya chikondwererochi. Patatha zaka 650, mazana a anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana anasonkhana kunja kwa linga n'kusewera nkhondo yeniyeniyo, ndipo ena mwa iwo anavala zovala zachitsulo zosulidwa motengera zimene zinafukulidwa ku Korsbetningen.