Kuunika Matumba a Mazira: Kuona Kaye, Dzina Pambuyo

Pa maphunziro athu a kuunika ndi makina a ultrasound, mwezi uno tafika pa zotupa za m'matumba a mazira. Gawoli landigwira mtima kuposa ena onse. Mizere iwiri kapena itatu yomwe wounika amalemba pa lipoti ikhoza kubweza mtsikana kwawo mtima uli m'malo, kapena kumulowetsa ku opaleshoni komwe angataye thumba la mazira lomwe linalibe vuto lililonse.

Chomwe mphunzitsi wathu anayamba nacho n'chakuti thumba la mazira la mayi amene akusambabe silikhala chimodzimodzi mwezi wonse. Mwezi uliwonse kathumba kamadzi kosunga dzira kamakula mpaka masentimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, kenako kamaphulika dzira n'kutuluka. Kathumba kotere, ngati sikanapitirire masentimita 3, si chotupa ayi, ndi thupi likugwira ntchito yake. Pamalo pomwe dzira latuluka pamatsala kathumba kotchedwa corpus luteum, kokhala ndi khoma lochindikala, ndipo ukayatsa Doppler, mbali ya makina yoonetsa kayendedwe ka magazi, umaona magazi akuyenda mozungulira m'mphepete mwake. Nthawi zina magazi amathiramo mkati n'kuundana, ndipo chithunzi chake chimakhala cha timizere topingasana ngati ukonde wa asodzi a usipa. Kwa munthu wongoyamba, zimenezi zimaopsa. Koma m'kati mwa magazi oundanawo Doppler sasonyeza kuyenda kulikonse, ndipo mayiyo akabwera kudzaunikidwanso pakatha milungu 6 mpaka 12, kawirikawiri zonse zimakhala zitatha zokha. Ndiye funso loyamba, usanagwire n'komwe probe, kachipangizo kounikira komwe umakhudzitsa pathupi, ndi lakuti: mayi, munasamba liti komaliza? Lachiwiri n'lakuti kodi mkodzo wayezedwa ngati ali ndi pakati, chifukwa corpus luteum ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero zimatha kufanana pa sikirini, pomwe ina ndi yachilengedwe ndipo inayo imapha.

Makinawa amatumiza mafunde a phokoso n'kumvetsera omwe abwerera. Madzi oyera sabweza kanthu, choncho amaoneka akuda bii, ndipo kuseri kwake kumawala chifukwa mafunde adutsa osafooka. Fupa ndi zinthu zolimba zimatsekereza mafunde n'kusiya mthunzi kumbuyo. Probe ya pamimba, ya mafunde a pafupifupi 3.5 MHz, imaona patali koma chithunzi chake sichioneka bwino kwenikweni, ndipo imafuna chikhodzodzo chodzaza. Yolowetsa kumaliseche, ya 5 mpaka 9 MHz, imaonetsa bwino kwambiri koma pafupi pokha, ndipo chikhodzodzo chikhale chopanda mkodzo. Iyi siigwiritsidwa ntchito mayi asanafotokozeredwe n'kuvomera yekha, komanso payenera kukhala mzamba kapena namwino wamkazi m'chipindamo. Ine ndimaona kuti kufotokoza kumeneku n'kofunika mofanana ndi kudziwa mabatani a makina.

Ndinasangalala kudziwa kuti ntchito yonseyi inayambira pa zotupa zomwezi. Mu 1955 Ian Donald, dokotala wa matenda a amayi ku Glasgow m'dziko la Scotland, anatenga zotupa zomwe anachotsa pa opaleshoni n'kupita nazo ku fakitale ya Babcock & Wilcox ku Renfrew, komwe anali ndi chipangizo chofufuzira ming'alu m'zitsulo. Anapeza kuti chotupa chamadzi ndi chotupa cholimba zimabweza mafunde mosiyana. Pambuyo pake anaunika mayi wina yemwe madokotala anali atamutaya mtima poganiza kuti ali ndi khansa ya m'chifu yomwe yadzaza madzi m'mimba. Makina anasonyeza chotupa chachikulu chamadzi cha m'thumba la mazira. Anachichotsa, sichinali khansa, ndipo mayiyo anachira. Mu 1958 Donald, John MacVicar ndi injiniya Tom Brown anafalitsa zomwe anapeza m'magazini ya The Lancet.

Zotupa zina zili ndi nkhope yodziwika. Dermoid, yomwe imapezeka kwambiri mwa atsikana ndi amayi achichepere, imakhala ndi mafuta, tsitsi, nthawi zina ngakhale mano. Imaoneka yowala, ndi timizere ndi timadontho ta tsitsi, ndipo mthunzi wake umatha kubisa mbali yaikulu ya chotupacho, moti ukapanda kusamala umachiyesa matumbo. Endometrioma ndi chotupa chodzaza magazi akale, ndipo m'kati mwake mumaoneka motuwa mofanana ponseponse. Mayi wake nthawi zambiri amadandaula za ululu waukulu posamba kapena kuvutika kutenga pakati.

Pomwe ndakhalitsa kwambiri ndi pa malamulo a gulu la madokotala ofufuza zotupa za m'matumba a mazira lotchedwa IOTA, lomwe linayamba mu 1999 motsogozedwa ndi Dirk Timmerman wa ku Leuven m'dziko la Belgium, pamodzi ndi Lil Valentin ndi Tom Bourne. Mu 2008 anatulutsa malamulo osavuta okhala ndi zizindikiro khumi. Zisanu zimaloza ku chotupa chosaopsa: chipinda chimodzi chokha, mbali yolimba yosafika mamilimita 7, mthunzi, zipinda zambiri zosalala pa chotupa chosafika masentimita 10, ndi kusayenda kwa magazi. Zisanu zinazo zimaloza ku khansa: chotupa cholimba chosalongosoka m'mbali, madzi m'mimba, tinthu tophuka m'khoma tinayi kapena kuposerapo, chotupa cha zipinda zambiri ndi mbali zolimba chosalongosoka chofika masentimita 10, ndi magazi oyenda mwamphamvu kwambiri. Ukapeza za mbali imodzi yokha, yankho lilipo. Ukapeza za mbali zonse ziwiri, kapena osapeza chilichonse, malamulo sakuyankha ndipo mayiyo aonedwe ndi katswiri. Pafupifupi zotupa zitatu mwa zinayi zilizonse zimagawika mwa njirayi.

Chomwe ndikuwakondera malamulowa n'chakuti amakukakamiza kufotokoza zomwe maso ako akuona usanatchule dzina la matenda. Zipinda zingati? Khoma ndi losalala? Chophukacho chatalika mamilimita 3 kapena ndi kukhakhala chabe kwa khoma? Safuna kuyeza magazi, safuna makina aakulu ojambulira m'thupi a CT, ndipo clinical officer wa pachipatala cha boma akhoza kuwagwiritsa ntchito posankha woti atumizidwe msanga ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, ndi woti angobwera kudzaunikidwanso. Dongosolo la ku America logawira zotupazi m'magulu, la O-RADS, linamangidwa pa mawu omwewa, ndipo chotupa chamadzi okhaokha chosafika masentimita 10 limachiika m'gulu lomwe mwayi wa khansa sufika pa 1 peresenti.

Koma malamulowa anayesedwa kwambiri ku Ulaya, ndipo kuno kwathu pali mlendo wina amene amawasokoneza. TB ya m'mimba imabweretsa madzi m'mimba, imachindikalitsa chophimba cha matumbo, imamata machubu odutsa mazira ndi matumba a mazira kukhala chibulumwa, mayi n'kumaonda. Zonsezi ndi nkhope ya khansa yofalikira. Ngakhale CA-125, chizindikiro cha khansa choyezedwa m'magazi, yomwe malire ake ndi 35, imakwera pa TB, monganso imakwerera pa endometriosis (matenda oyambitsa endometrioma), pa mafaibuloidi (zotupa za m'chiberekero) ndi mwa amayi oyembekezera. Komanso pa khansa yongoyamba kumene imakwera mwa amayi pafupifupi theka lokha. Zimandipweteka kuganizira mayi wa zaka makumi atatu akuuzidwa kuti ali ndi khansa yosachiritsika pomwe mankhwala a TB a miyezi isanu ndi umodzi akanamudzutsa. N'chifukwa chake ndikaona madzi m'mimba mwa mayi wachichepere, makamaka amene ali ndi HIV, sindichotsa probe ndisanayang'ane kapamba ngati muli timadontho takuda, mwanabele ozungulira mtsempha waukulu wa m'mimba, ndi madzi ozungulira mtima ndi mapapo, monga imaphunzitsira FASH, njira yofufuzira TB ndi ultrasound mwa odwala HIV. Mafinya a m'machubu nawonso amanamiza chimodzimodzi, ndipo apa kutentha thupi ndi ululu pokhudza zimanena zambiri kuposa chithunzi.

Pali vuto limodzi lomwe silidikira malamulo aliwonse. Mtsikana akabwera ndi ululu wadzidzidzi wa mbali imodzi, akusanza, ndipo thumba la mazira latupa kupitirira masentimita 4, timatumba tating'ono titakankhidwira m'mphepete, ganiza kuti thumbalo lapotokola. Doppler ikhoza kusonyeza magazi akuyendabe, chifukwa thumba la mazira limalandira magazi kuchokera ku mitsempha iwiri, ndipo zimenezo zisakugonetse tulo. Lipoti lotere silipatsidwa kwa wodwala kuti akayime nalo pamzere. Umanyamuka wekha kukamupeza dokotala wa opaleshoni, chifukwa thumbalo likamasulidwa msanga limatha kupulumuka.