Usiku umodzi wa tulo ku Likhubula

Chigwereni bambo a kunyumba ndi sitiroko mu 2021, ndinali ndisanagoneko kunja kwa nyumba yathu ku Chilobwe, kupatula masabata aja ndinali gadiyani kuchipatala. Ndiye anzanga atabweretsa maganizo opita ku Mulanje, ine ndinakana kawiri konse. Ndani awatembenuza usiku kuti asatuluke zilonda kumsana? Ndani akudziwa kuti phala lawo limafunika lamadzimadzi kuti lisawatsamwe?

Anzangawa tilipo asanu ndi awiri, tonse odwazika amuna kapena akazi athu. Tinadziwana pa benchi podikira mankhwala ndi fiziyo (masewera olimbitsa ziwalo za odwala), kenako tinayambitsa chipereganyu. Ndalama ya ulendo inachokera momwemo. Kunyumba kunabwera alamu anga, mchemwali wawo wa bambo, ndipo ndinatha masiku atatu ndikuwaonetsa kasambitsidwe, kanyamulidwe kuchoka pabedi kupita pampando, ndi nthawi ya mankhwala a BP.

Tinakwera minibasi ku Limbe Loweruka m'mawa. Kudutsa Bvumbwe, kulowa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, anzanga akuloza kubiriwira, ine maso ali pa foni. Pofika pa Chitakale ndinali nditaimba kunyumba katatu. Abambo ena a ku Bangwe, omwe akazi awo akudwala khansa, anandiuza mofatsa kuti, "Mayi, ikani foniyo m'chikwama, akakufunani ilira yokha." Ndinamvera, koma mtima unkangondiimba mlandu ngati ndathawa ukwati.

Kuchokera pa Chitakale tinalowera msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula. Phiri lija ukaliyandikira limakuchititsa kakasi. Nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, sitinaiganizire n'komwe. Ife tinangofuna kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, ulendo umene achinyamata amayenda pafupifupi ola limodzi. Ife tinatha maola awiri, tikupumira pamiyala, mnyamata wotiperekeza akutidikira moleza mtima.

Madzi a padziwepo ndi ozizira zedi, amagwa kuchokera pathanthwe n'kumachita phokoso loti mukamalankhula muyandikane. Mwina n'chifukwa chake nkhani zinatuluka. Mayi wina wa ku Ndirande, mapazi ali m'madzi, ananena kuti tsiku lina anakalipira amuna awo ataipitsa zofunda zomwe anali atangochapa kumene, kenako anakalirira kubafa. Palibe anadzidzimuka. Palibe anati "pirirani, ndi mtanda wanu", mawu amene timawamva kwa anthu obwera kudzazonda odwala kwa mphindi khumi n'kumapita. Aliyense anali ndi tsiku lake lotero. Inenso ndinaulula zomwe sindinauzepo ngakhale mayi anga: kuti ndimawasowa amuna anga chikhalirecho ali m'chipinda momwemo, chifukwa munthu amene ndinkacheza naye mpaka usiku pano amatulutsa mawu awiri kapena atatu basi.

Chimene chimandiwawa kwathu kuno n'chakuti aliyense ukakumana naye amafunsa kuti, "Odwala ali bwanji?" Ndi funso labwino, sindikukana. Koma padziwe paja ndi pomwe munthu anandifunsa koyamba kuti, "Nanga inuyo, msana wanu uli bwanji?" Ndipo msanawo umandipwetekadi. Abambo a ku Bangwe aja anandionetsa pomwepo kupinda mawondo ponyamula, ndi kuyala chitenje pansi pa wodwala kuti uzimukokera nacho m'malo momunyamula.

Madzulo tinadya nsima ya nkhuku yophika wina. Ndinakhala pansi, mbale n'kundipeza. Manja anga ankasowa chochita. Ndinagona cha m'ma 8 koloko, ndinadzidzimuka 2 koloko usiku monga mwa chizolowezi, n'kupapasa pambali kuti ndiwatembenuze. Nditakumbukira komwe ndili ndinalira pang'ono, kenako ndinagonanso mpaka dzuwa kutuluka.

Tisananyamuke tinagwirizana kuti aliyense azikasamalira wodwala wa mnzake theka la tsiku kamodzi pamwezi, kuti mwini wake apite kumsika, kutchalitchi kapena akangogona.

Pobwerera ndinagula zinanazi ziwiri m'mbali mwa msewu. Ndinapeza bambo atasamba, atakhala pakhonde, alamu akuwameta ndevu. Ndinawafinyira madzi a chinanazi m'kapu, n'kuwamwetsa ndi supuni pang'onopang'ono. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ndi lilime lawo lolemera lija: "Phiri?" Ndinakoka mpando n'kuyamba kuwafotokozera kuyambira pa Limbe.