Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mudzi wopanda amfumu

Gawo lapita lija ndinathera pomwe ndinafika ku Wacken kukayamba ntchito pafamu ya ng'ombe zamkaka, kumpoto kwa Germany m'chigawo cha Schleswig-Holstein. Kamudzi kake nkakang'ono, anthu cha m'ma 2,000 basi, koma nkakalekale, dzina lake linalembedwa koyamba mu 1148 ndipo dera lonseli linali m'manja mwa mfumu ya Denmark mpaka nkhondo ya 1864, kenako Prussia, ufumu wa Ajeremani wa nthawi imeneyo, nkulitenga.

Lamulo la kuno ukangofika umayenera kukalembetsa komwe ukukhala pasanathe masabata awiri. Abwana anga ananditenga pagalimoto mpaka ku Schenefeld, kumene kuli ofesi imodzi ya Amt Schenefeld yogwirira midzi yonse yozungulira, mapepala, misonkho, makalaliki onse ali konko chifukwa kamudzi kamodzi pakokha sikangakwanitse kulipira anthu onsewo. Za viza zokha nde ku Itzehoe, likulu la boma la Steinburg.

Chomwe chinandigwira mtima ndi nkhani ya ameya, poti kuno mudzi ulibe amfumu. Anthu amasankha makhansala zaka zisanu zilizonse, makhansalawo nkusankha m'modzi mwa iwo kukhala meya, ndipo udindowu ngongodzipereka, amangolandira kangachepe ka alawansi. Misonkhano yawo imachitika madzulo anthu ataweruka, aliyense atha kulowa kukamvera, pena nkuimirira kufunsa za nsewu wokumbika kapena za malo ku sukulu ya mkaka ndipo amayankhidwa pompo maso ndi maso. Ngakhale ozimitsa moto ndi anthu a m'mudzi momwemo, alamu ikalira munthu amasiya thirakita m'munda nkuthamanga.

Nde pafupifupi chaka chilichonse cha kumayambiriro kwa Ogasiti kamudzi komweka kamalandira anthu oposa 70,000 obwera ku Wacken Open Air, chikondwerero cha nyimbo za heavy metal (za magitala aphokoso kwambiri) chomwe Thomas Jensen ndi Holger Hübner anayambitsa mu 1990, mpaka bandi ya ozimitsa moto aja imaimba nawo. Mu 2023 mvula inavuta, matope mpaka m'mawondo, alimi nkumakoka magalimoto a alendo ndi mathirakita.

Chaka chomwecho mu Meyi kunali chisankho cha makhansala, mwana wa abwana wazaka 16 anakavota koma ine ayi poti sindine nzika ya dziko la mu EU (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya), ngakhale msonkho amandidula mwezi ndi mwezi. Zinandiwawa ndithu. Gawo lotsatira ndikuuzani za mmene ndinapezera nyumba yangayanga ku Itzehoe.