Sabata yomvetsera kugunda kwa maselo a mu ubongo

Lolemba linangopita pachabe, ndipo wolakwa ndinali ine. Posakaniza madzi amene timaikamo tizidutswa ta ubongo wa mbewa (za mu labu, osati zowamba zija za m'mbali mwa msewu), ndinachulutsa mchere wina wotchedwa potaziyamu. Maselo anangoyamba kuthetheka ngati mbuliwuli, pofika masana onse anali atatheratu.

Chifukwa chake n'chakuti potaziyamu amayenera kuchuluka mkati mwa selo, kunja n'kuchepa. Selo ikatulutsa kamphamvu ka magetsi, timakomo ta potaziyamu ta pa khungu la selo timatseguka, iye n'kutuluka, selo n'kupumira kaye. Ukamuchulutsa kunjako satulukanso bwino, ndiye selo imasowa popumira.

Lachiwiri ndinangotsuka ziwiya ndi kukonza timapaipi tagalasi togwirira maselo.

Tsiku lokoma linali Lachitatu. Ndinagwira selo yopanga dopamine (mankhwala amene maselo amatumizirana nawo uthenga) ya m'chigawo cha ubongo chotchedwa substantia nigra, mtundu womwe uja umafa munthu akamadwala matenda a Parkinson. Makina athu tinawalumikiza ku sipika, choncho selo umachita kuimva ndi khutu: gu, gu, gu, kawiri kapena katatu pa sekondi, ngati mayi wodziwa kusinja. Palibe selo ina imene imailamula. Pa kugunda kulikonse mumalowa mchere wa kashiamu pang'ono, kashiamuyo amatsegula timakomo totchedwa SK, potaziyamu akatuluka selo imadikira, kenako n'kugundanso. Nditathira apamin, mankhwala ochokera mu ululu wa njuchi amene amatseka timakomo ta SK, musi unasokonekera: apa kugunda kothithikana, apa zii. Ndinaitana mnzanga wa tebulo loyandikana kuti adzamve, khofi wake mpaka anazizira.

Anthu amatengeka ndi mchere wa sodiyamu poti ndiye amayatsa moto wa kugunda kulikonse. Ine ndimaona kuti mwini kayendedwe ndi potaziyamu, chifukwa ndiye amanena kutalika kwa mpata wa pakati pa kugunda kuwiri.

Lachinayi maselo asanu anandipulumuka, ndinalemba imodzi yokha.

Lachisanu madzulo azakhali anaimba foni. "Kodi mbewa zanuzo zidzachiza khunyu?" Ndinawafotokozera kuti pali timakomo tina ta potaziyamu, timene asayansi David Brown ndi Paul Adams anatulukira mphamvu yake mu 1980 m'maselo a chule, ndipo jini yake ya KCNQ2 (malangizo a chibadwa opangira timakomoto) ikalakwika khanda limakomoka masiku oyambirira libadwire. Anati ndilankhule Chichewa. Ndinati, "Zakhali, mabuleki a mu ubongo." Apo anamva, n'kufunsa za ndalama ya feteleza.