Kapitawo atandimenya, ntchito inathera ine

Ndinkagwira ntchito yosenza matumba pa golosale ina yaikulu ku Limbe, zaka zinayi. Tsiku lina matumba a shuga sanakwane powerenga, ndipo kapitawo wathu, osafunsa n'komwe, anandiomba mbama khutu lakumanzere anzanga akuona. Khutulo linalira ngati muli njuchi mpaka madzulo.

Mnzanga wina wachikulire anandikokera kuseri kwa lole. "Achimwene, musabwezere, ndipo musasiye ntchito chifukwa cha mkwiyo. Pitani kupolisi lero lomwe." Ndinapita. Kupolisi analemba sitetimenti yanga n'kundipatsa kalata yopita nayo kuchipatala. Adokotala anandiunika khutu, analemba zomwe anapeza, n'kudindapo chidindo. Ndisanabweze pepalalo kupolisi, ndinaima pa kashopu ndi kupangitsa fotokope ziwiri. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndikungotaya ndalama ya minibasi.

M'mawa mwake ndinalemba kalata yodandaula kwa abwana oona za antchito, ndi dzanja langa, tsiku ndi nthawi zonse zilimo. Ndinapempha mlembi wawo asainire kope langa kuti alandira. Anayamba wandiyang'ana kaye, koma anasaina.

Apa ndi pomwe zinthu zinasintha. Ovataimu inatha kwa ine ndekha. Anandisamutsira ku shifiti ya usiku. Kenako kunabwera kalata ya chenjezo yoti ndine wamwano, ndipo sabata zitatu zisanathe anandiitana n'kundiuza kuti ndisabwerenso. Panalibe kukhala pansi kuti ndiyankhepo. Anandipatsa pepala loti ndisaine kuti ndalandira zanga zonse ndipo ndilibe dandaulo. Ndinati, "Bwana, ndikawerenge kaye kunyumba." Mpaka lero silinasainidwe.

Ku ofesi ya Leba ya m'boma lathu, funso loyamba la ofisala linali lakuti, "Bambo, anakuchotsani liti?" Lamulo la Employment Act la 2000 limapereka miyezi itatu yokha yokadandaula za kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo, ndipo ine ndinafika sabata yachiwiri. Anandiwerengera gawo 57: bwana sangachotse munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe, munthuyo ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Kudandaula za bwana wako si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Chomwe chinandipatsa mtima kwambiri n'chakuti wofotokoza chifukwa cha kuchotsako ndi bwanayo, osati ine. Anandiuzanso kuti ngakhale ndikanachoka ndekha chifukwa cha nkhanzazo, gawo 60 limatha kuziona ngati kuchotsedwa ndithu, koma pamenepo umboni umalemera kwa wochokayo.

Ofisalayo anaitana mbali zonse kuti tikambirane. Ulendo woyamba a kampani sanabwere. Wachiwiri anabwera ndi mawu amodzi okha: mwano. Titalephera kugwirizana, anandilembera kalata yopita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya za ntchito, ku Blantyre, kumene ndinadzaza fomu yofotokoza dandaulo langa popanda loya.

Musayembekezere kuti kukhoti ndi kwa sabata imodzi. Ndinagulitsa tomato pamsika miyezi yambiri ndikudikira tsiku. Koma litafika, mapepala anga aja anayankhula okha: lipoti la kuchipatala, kalata yanga yosainidwa ndi mlembi wawo, ndiyeno chenjezo lawo lolembedwa patangopita masiku ochepa. Atafunsidwa za msonkhano wondimvera mbali yanga, analibe choonetsa.

Khoti likhoza kulamula kuti ubwerere pantchito kapena ulandire chipukuta misozi. Ine kubwerera pansi pa kapitawo yemwe uja sindinafune. Kwa munthu amene sanapitirire zaka zisanu, chipukuta misozi sichitsika pansi pa malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chomwe wagwira, ndipo ndinalandiranso za notisi ndi za severance, ndalama zoperekedwa pochotsedwa ntchito molingana ndi zaka zomwe wagwira.

Mlandu wa mbama ija ndi wina, wa boma ndi kapitawoyo kukhoti la majisitireti, ndipo sunathe. Mnzanga wa kuseri kwa lole uja wavomera kukaikira umboni, ngakhale akadagwirabe ntchito komweko.