Zikomo nonse amene munanyamula sewero lathu kuchoka papepala kufika pa siteji

Amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, ulendo wa sewero lathu watha. Taonetsa komaliza, ngongole ya holo ndi ya galimoto tabweza. Papositala panalembedwa dzina la mlembi wathu yekha, ndipo ndi iwo omwe apempha kuti tilembe mawu awa m'dzina la gulu lonse, chifukwa pali anthu ambiri amene anagwira ntchito yaikulu oonerera osawaona nkhope.

Tiyambe ndi inu amene munabwera kudzawerenga sewero tisanayambe kuyeserera. Munakhala mozungulira tebulo, aliyense ndi mapepala ake, n'kuwerenga mokweza kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza osaima, wina atagwira wotchi. Tsamba limodzi la A4 la anthu akuyankhulana limadya mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka pa siteji, choncho masamba 90 amatha kufika maola awiri mukawonjezera nyimbo ndi kusintha kwa malo. M'holo ya malata masana a Okutobala, pa mabenchi opanda chotsamira, anthu sapirira mpaka pamenepo. Khutu limagwiranso zimene diso limadumpha: chiganizo chotalika moti munthu sangachimalize ndi mpweya umodzi, agogo a kumudzi oyankhula Chichewa cha m'nyuzipepala, kapena anthu awiri oyankhula mofanana moti ukatsinzina sudziwa kuti wayankhula ndani.

Zikomo zapadera zipite kwa amayi amene anakhala dramaturg wathu, ndiye kuti wounika ndi kulangiza pa kamangidwe ka sewero. Iwo sanalembe mzere ngakhale umodzi, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Anatenga timakadi, kamodzi pa gawo lililonse, n'kulembapo zinthu zinayi: ndani ali pa siteji, akufuna chiyani, chikumutchinga n'chiyani, ndipo pofika kumapeto kwa gawolo chasintha n'chiyani. Akayala timakadito pansi, magawo aulesi amaonekera okha. Gawo limene palibe chasintha, ngakhale likhale loseketsa chotani, limadulidwa kapena kulumikizidwa ndi linzake. Kenako anatsata nkhani ya zinsinsi: oonerera akudziwa chiyani pa mphindi iyi, nanga munthu wa m'sewero akudziwa chiyani? Masewero ambiri amafera apa. Mlembi amadziwa nkhani yonse, ndiye amaiwala kuti sanaiuze holo, kapena amaiuza katatu, kamodzi ndi zochitika, kawiri ndi pakamwa.

Anaunikanso za mwambo. Ngati nkhani ndi ya banja losokonekera m'mudzi wa Achewa, ankhoswe ndiwo amayamba kuimva, siithamangira kwa mfumu. Ngati mwamuna ali pachikamwini, sangaime pakati pa bwalo n'kumathamangitsa mkazi ngati malowo ndi ake. Mukalakwitsa zoterezi m'tauni mwina mupulumuka, koma kumudzi anthu amaseka pamalo pamene mumafuna alire, ndipo simuwabwezanso.

Kwathu kuno tinazolowera kuti munthu mmodzi alembe, atsogolere, atengenso mbali yaikulu. Malemu Du Chisiza Jr, amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ankachita zonsezo ndipo maholo ankadzaza. Koma si tonse tili a Du, ndipo ife tikuona kuti mlembi amene alibe womufunsa mafunso ovuta amangoteteza mzere uliwonse umene analemba. Mlembi wathu tikuwathokoza pololera kuti masamba amene anawakonda adulidwe.

Kwa inu anzathu ochita zisudzo, mawu ambiri amene anthu anawombera m'manja anatuluka m'kamwa mwanu poyeserera. Kupeka mawu pomwepo ndi mphamvu ya zisudzo za Chichewa, ndipo aliyense amene anaonerapo Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, akudziwa zimenezo. Zikomo potsatira lamulo limene tinagwirizana: chopeka chikakoma chilembedwe m'sewero tsiku lomwelo, mlembi achivomereze, ndipo kukatsala masabata awiri kuti tionetse, mawu a sewero asasinthidwenso. Chifukwa chake n'chakuti nthabwala yowonjezera pa siteji imakula tsiku ndi tsiku. Lero ndi mzere umodzi, mawa itatu, mkuja yameza mawu amene mnzako amadikira kuti alowere, wa magetsi naye wasochera. Amene munatenga mbali ziwiri kapena zitatu munatichepetsera mipando m'galimoto ndi mbale za nsima, koma dziwani kuti nyimbo ina ija inaikidwa dala kuti mupeze mphindi ziwiri zosinthira zovala.

Achemwali amene munayang'anira siteji, buku lanu lija ndilo linagwira zonse. Kwa amene sanalionepo: mawu a sewero amakhala tsamba la mbali imodzi, tsamba loyang'anana nalo limasiyidwa lopanda kanthu, ndipo pamenepo pamalembedwa ndi pensulo mayendedwe a munthu aliyense, polowera, potulukira, ndi nambala ya kusintha kulikonse kwa magetsi ndi kwa mawu. Ndi pensulo chifukwa zimasintha mpaka sabata yomaliza. Tebulo la zipangizo munalidula zigawo ndi tepi, chigawo chilichonse ndi dzina lake, kotero kalata, mpeni kapena chikho chikasowa, mpata wake unkaoneka sewero lisanayambe, osati munthu ali kale pa siteji akupisa m'thumba mopanda kanthu.

Achimwene a magetsi ndi zokuzira mawu, magetsi akazima inu ndi amene simunkakhala pansi. Magulu ena amve izi asadzapse: nyali zisanu ndi imodzi za mawati 500 ndi mawati 3,000, pamene jenereta ya 2.5 kVA imapereka pafupifupi mawati 2,000 basi. Mukaikoleka zonsezo pamodzi ndi zokuzira mawu, imatsamwa pakati pa sewero. N'chifukwa chake munabwereka nyali za LED, zimene zimadya pang'ono. Jenereta munkaiika kutali kuseri kwa khoma kuti phokoso ndi utsi zisalowe m'holo, waya wake wokhuthala ndi womasulidwa yense pa chokulungira kuti asatenthe. Ampulifaya munkaiyatsa pomaliza n'kuizimitsa poyamba, kupewa kuphulika kumene kumaononga masipika. Mvula ikamenya malata palibe luso limene limathandiza kupatula kuima n'kudikira, ndipo zikomo kwa oimba ng'oma amene munkatseka mpata umenewo.

A kalipentala anapanga makoma a siteji pa muyezo wa pulayiwudi, mamita 1.2 kwa 2.4, olumikizidwa ndi mahinjesi kuti azipindika n'kukwana pa kagalimoto kotsegula kumbuyo. A telala anaika lasitiki m'malo mwa mabatani pa zovala zosinthidwa mothamanga. Amayi a kaunjika anatikongoza majekete. Zikomo.

Za mapepala nazo zinali ndi mwini wake. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments la 1968 likadalipo, ndipo sewero loonetsedwa kwa anthu limafuna chilolezo cha Censorship Board. Abambo amene munayendetsa zimenezi munayamba msanga, tisanasindikize mapositala, ndipo ndiyo ndondomeko yoyenera, chifukwa tsiku likalengezedwa simungalibweze mosavuta. Munatikakamizanso kulemba pangano tisanayambe kuyeserera: mwini sewero ndani, amene awonjezera mawu atchulidwa motani, ndalama za pakhomo zigawidwa bwanji. Magulu ambiri amasweka pa nkhani imeneyi sewero likayamba kulowetsa ndalama, osati likamalephera. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa zaluso, lilipo kuyambira 1992 ndipo lamulo latsopano la umwini wa zaluso linabwera mu 2016, koma zonsezo zimathandiza bwino munthu amene ali ndi pepala losainidwa.

Mafumu amene munatipatsa mabwalo, aphunzitsi aakulu ndi akulu a mipingo amene munatitsekulira maholo, tikuwomba m'manja. Pabwalo anthu amakhala mozungulira, palibe kuseri kobisala, ndiye mayendedwe onse tinkawakonzanso kuti munthu asapatse mbali imodzi msana nthawi yaitali. Njira yoimitsa sewero n'kufunsa anthu kuti “Apa atani?” si yathu ayi. A Chancellor College Travelling Theatre ku Zomba, kuphatikizapo a Chris Kamlongera ndi a David Kerr, anaigwiritsa ntchito m'midzi yozungulira Liwonde m'zaka za m'ma 1980 pa nkhani za umoyo. Aphunzitsi amene mumatsala masana kukonzekeretsa ana mpikisano wa zisudzo wa ATEM (bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi m'Malawi), ambiri mwa amene munawaona pa siteji yathu anayambira m'manja mwanu.

Apakhomo munkakhala awiriawiri, wina kulandira ndalama, wina kung'amba tikiti ya nambala, ndipo powerengera pamafunika kuti zotsalira za matikiti zifanane ndi za m'thumba. Tinkayamba kulipira holo, galimoto ndi mafuta, kenako chakudya, zotsalazo n'kugawana monga mwa pangano. Masiku ena zotsalazo kunalibe, ndipo palibe anachoka. Makolo, akazi ndi amuna a anthu a m'gululi, amene munkasunga chakudya cha usiku mpaka chizizire, zikomo kwambiri.

Tikadali ndi mpando wa ndalema umodzi, zitenje ziwiri ndi nyali ya m'manja zimene eni ake sitikuwadziwa, tiuzeni tikubweretsereni. Mlembi wathu tsopano akulemba sewero lonse mwaukhondo, ndi zonse zimene zinasintha pa siteji. Sukulu kapena gulu lofuna kulisewera liyambe lapempha chilolezo kwa iwo, ndipo buku la woyang'anira siteji tidzabwereketsa limodzi.